Nambala ya M'chitsanzo

Sajeni Pempho Chagunda anali ataonapo anthu ambiri omenyedwa ndi gulu m'zaka khumi ndi zisanu zimene anakhala akufufuza milandu, koma amene anamenya Mussa Twaibu anaigwira ntchitoyo mosamala. Anamuthyola nthiti, anamuphwanya zala za manja onse awiri, anamutseka diso limodzi, koma pakamwa anapasiya bwinobwino. Ankafuna kuti avomere ndi mawu ake.

Tsopano Mussa anali gone pa bedi la kumapeto m'wodi ya amuna kuchipatala cha ku Mua, wapolisi mmodzi atakhala pakhomo kuti asalowe munthu wodzamaliza zotsala. Manja amene Mtakataka yonse inkawathamangira galimoto ikafera panjira anali atakulungidwa ngati mitolo ya chinangwa.

Nkhani yake inali yaifupi. Lachiwiri masana, Onani Dzoole, woyendetsa takisi ya Sienta yoyera, anapezeka atafa m'munda wa thonje, m'mbali mwa msewu wafumbi wopatukira pa Golomoti. Anamumenya ndi chitsulo kunkhongo, galimoto n'kupita nayo. Msewu umenewo sinali njira yake. Anaulowa chifukwa Mussa, makanika wake ndiponso mnzake wa kuubwana, anamutuma kuti akamutengere sitata yakale, kachipangizo kolizira injini, kwa mlimi wina. Lachitatu cha m'ma 8 koloko m'mawa, pa siwa, mchemwali wa malemuyo, Yunisi, analira mokweza anthu onse akumva: "Njira ija ankaidziwa ndi Mussa yekha!" Ola lisanathe, gulu linali litafika pa galaja ya Mussa.

Lero linali Lachinayi. Maliro ankaikidwa 2 koloko masana, ndipo amuna a m'mudzimo sankabisa n'komwe. Pochoka kumanda akatentha nyumba ya Mussa, kenako abwera kuno kudzatenga mwini wakeyo.

"Ndinamutuma, ee," Mussa ananong'ona. "Wallahi, bwana, ndinamutuma ndine. Koma Lachiwiri lonse ndinali pansi pa lole ya a Kachigamba, kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya swala yamadzulo."

"A Kachigambawo angachitire umboni?"

Mussa anafuna kuseka koma nthiti zinakana. "Ndi amene anayamba kundimenya. Ndi jeki yanga yomwe."

"Winanso amene ankadziwa za ulendowo alipo?"

"Palibe. Tinapangana pafoni, awiriwiri." Anapuma kaye, mpweya ukulira m'chifuwa. "Koma galimoto ija ili ndi thiraka, kachipangizo kosonyeza pamene ili. Ndinaika ndine, mkati mwa chitseko chakumbuyo. Akuba angafunefune chaka chathunthu, sangakapeze."

Za thirakazo Pempho ankazidziwa. Anali ataimbira kale kampani ya ku Lilongwe imene inaigulitsa, ndipo mtsikana wa mawu onga uchi anamuuza kuti alembe kalata, yankho lidzabwera pakatha masiku atatu ogwira ntchito. Mussa analibe masiku atatu. Anali ndi maola asanu.

Pakhonde anamuimitsa Maliya, mkazi wa Mussa. Maso ake anali ouma, misozi itatha dzulo.

"Musavutike kukanena inuyo, bwana," anatero. "Akuti apolisi mwadya kale za amuna anga. Amene analoza chala ndi wa pamaliro. Mawu amene anayatsa motowu ndi omwewo angauzimitse."

Pempho anadziwa kuti mayiyo ankanena zoona.

*

Mkazi wamasiye wa Onani, Edna, anatengera Pempho kuseri kwa nyumba ya siwa, pafupi ndi khola la mbuzi, kumene nyimbo za azimayi a mpingo zinkamveka chapatali. Anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula mothamanga ngati akuopa kuti wina amulanda mawu.

"Adani? Analibe. Amuna anga aja ngakhale wokwera atawasanzira m'galimoto ankangoti pepani. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi mafoni basi."

"Mafoni anji?"

"Masabata atatu apitawa, bwana, foni osapuma. Wina ali ku Mzuzu, wina ku Limbe, wina ku Mchinji. Onse mawu amodzi: Sienta ija ikadalipo? Tikudya, foni. Tili m'tchalitchi, foni."

"Anaitsatsa?"

"Kutsatsa galimoto imene imatidyetsa? Ndiye tidye matayala?" Edna anapukuta mphuno ndi ngodya ya chitenje. "Ankawafunsa kuti nambala yanga mwaitenga kuti. Onse ankati foni yawo yawauza. Ine ndinkati ndi anthu oledzera. Foni imauza munthu?"

Pempho anatulutsa m'chikwama mwake kapulasitiki koonekera mkati. Munali foni ya malemu, imene anaipeza m'thumba la buluku lake tsiku lija. Anali ataisiya yoyatsa mwadala, kuti mwina akuba angaimbe. Anatsitsa mndandanda wa oimba ndi chala, ndipo manambala achilendo anali ndandanda mpaka chala chinatopa. Iye anawaonapo Lachiwiri n'kuwayesa okwera takisi. Anadzitukwana chamumtima.

"Thiraka ija anawalangiza ndani?"

"Alamu anga a Yunisi. Iwo ndiye odziwa za makompyuta pabanja pano. Amagwira ntchito pa laputopu, kunyumba komweko, ya kampani yomweyo ya ku Lilongwe. Apongozi anga amawanyadira zedi, akuti mwana wanga amagwira ntchito mumzinda koma mapazi ali pakhomo."

Pempho anasuzumira pakona ya nyumba. Yunisi anali atakhala pamphasa pafupi ndi mayi ake, duku lakuda kumutu, maso ali pansi. Azimayi onse ankayang'ana galimoto ya polisi imene inaima pamsewu. Iye yekha ndiye sankaiyang'ana.

*

Pamphambano ya pa Golomoti palibe chimene chimadutsa osaonedwa ndi a Nachisale, mayi wonenepa wogulitsa tomato pansi pa mtengo wa nimu. Apolisi anali atawafunsa kale ngati anaona Sienta, ndipo anati anaiona ikupatuka. Palibe anawafunsa ngati anaonanso china, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa.

"Mwabwera tsopano? Anzanu aja anangolemba mizere iwiri n'kudya tomato wanga mmodzi osalipira. Khalani apa. Tsiku limenelo kunabwera amuna awiri pa njinga yamoto yofiira, zipewa za njinga zili kumutu osavula, kutentha konse kuja. Anaima pamthunzi wangawu kuyambira 10 koloko. Osagula kanthu! Ine munthu woima pamthunzi wanga osagula ndimamuyang'anitsitsa."

"Ankadikira munthu?"

"Ankacheza ndi mkazi wa m'foni."

"Ankaimba foni?"

"Ayi, mwana wanga, osati kuimba. Foniyo ndiyo inkayankha. Mawu a mkazi, aulemu, osapsa mtima ngakhale umufunse kakhumi. Ine ndinati, chibwenzi chotere achipeza kuti? Wamtali uja amati, ndipezere Sienta yoyera kufupi ndi kuno. Mkazi uja amati ilipo, n'kutchula nambala. Pakapita kanthawi amafunsanso, iye amati yadutsa pa Mua. Afunsanso, akuti yatsala makilomita atatu."

Pempho anasendera pafupi. "Kenako?"

"Kenako ndinaiona ndi maso angawa, malemu akundikwezera dzanja monga mwa masiku onse. Itapatuka, mkazi uja anati, yalowa msewu wafumbi. Amuna aja anangoliza njinga." A Nachisale anaomba m'manja kamodzi, mwachisoni. "Ndiye ndikumva kuti mwamenyetsa makanika. Makanika uja ndimamudziwa, mawu ake ndi abesi. Amene anapereka mwana uja ndi mkazi."

Nthawi inali itadutsa 11 koloko. Pempho anauza dalaivala kuti atembenuze galimoto.

*

Yunisi ankachita lendi chipinda kuseri kwa magolosale a pa Mtakataka, pamene netiweki imagwira bwino. Pempho anamutenga pa siwa mwaulemu, akuti akasaine mapepala a malemu. Atalowa m'chipindamo, anatseka chitseko n'kuloza laputopu imene inali patebulo.

"Ndiuzeni ntchito yanu. Muzilankhula ngati mukuuza a Nachisale a tomato."

Yunisi anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wophunzira, wozolowera kufotokozera anthu zinthu mowatsitsa pang'ono. Koma lero mawu ake ankatuluka ngati akuwakoka ndi chingwe.

"Masiku ano munthu akafuna galimoto sachita kufufuza yekha pa intaneti. Amangouza AI ya m'foni mwake, pulogalamu yolankhula ija, kuti ndipezere yakuti. AI payokha sidziwa magalimoto. Imakafunsa ku chida chofufuzira cha kampani yathu. Koma isanachigwire imayamba yawerenga malangizo ake: chidachi chimachita chiyani, m'mabokosi ake ulembemo chiyani, chiyankha zotani. Ntchito yanga ndi kuyesa malangizowo ngati AI ingawamve, n'kuwapatsa malikisi."

"Mphunzitsi wochonga."

"Choncho."

"Tsegulani ndione zimene munachonga."

Yunisi anatsegula. Panali fomu ya mafunso khumi. Kodi malangizo akunena ntchito ya chidachi momveka? Kodi bokosi lililonse lafotokozedwa? Kodi AI yauzidwa chochita chida chikapanda kupeza kanthu? Kodi pali chitsanzo? Pansi pake panali malikisi: anayi pa khumi.

"Analephera," Pempho anatero.

"Munalibe chitsanzo. Ndinayesa ka makumi awiri, AI inasochera kasanu ndi kanayi. Inkaika mtundu wa galimoto m'bokosi la boma, chaka m'bokosi la mtengo. Ndinalemba mu lipoti kuti pakufunika chitsanzo. Iwo anati, poti mwaona ndinu, lembani ndinu."

"Ndiye munalemba."

Yunisi anatsegula fomu yachiwiri, ya masabata atatu apitawo. Malikisi anali asanu ndi anayi pa khumi, ndipo bwana wake anali atalemba pansi kuti ntchito yabwino zedi. Pempho sanayang'ane zimenezo. Maso ake anali pa kabokosi kotuwa ka pakati pa malangizo, pamene panalembedwa chitsanzocho. Mtundu: Sienta. Utoto: woyera. Nambala: DZ 4172.

Nambala imeneyo Pempho anali atailemba m'mabuku kakhumi chiyambire Lachiwiri.

"Bwanji simunapeke nambala yabodza?"

"Ndinapeka. Chida chinayankha kuti palibe. Chitsanzo chosatulutsa kanthu chimachotsetsa malikisi. Nambala yeniyeni imene ndinkaidziwa pamtima inali ya achimwene."

"Galimoto yawo sinali pamalonda."

"Kampani ndi imodzi. Imagulitsa mathiraka, imayendetsanso msika wa magalimoto. Malangizo akuti chidachi chimafufuza za pamsika zokha, ndipo chimangotchula boma limene galimoto ili. Koma ukaikamo nambala chimakatenga kwa thiraka. Chimatulutsa dzina la mwini, foni yake, ndi malo enieni pamene ili."

"Nanga amuna awiri a pa njinga yamoto, oti sakumudziwa Onani, nambala yake aitenga kuti?"

"Safunika kuidziwa." Mawu a Yunisi anali atatsika mpaka pansi. "Malangizo sananene kuti bokosi la nambala ukhoza kulisiya lopanda kanthu. Ndiye munthu akafunsa Sienta yoyera osatchula nambala, AI imakopera ya m'chitsanzo. Ngati mwana wasukulu amene amakopera za pabolodi ndi dzina la mphunzitsi lomwe."

"Zoti chimatulutsa malo enieni munaziona liti?"

"Tsiku lomwelo. Ndinawaimbira achimwene, ndikuti ndikukuonani, mwaima pa Mua mukugula chimanga chootcha. Anati mfiti iwe. Tinaseka."

"Mu lipoti munalembamo?"

"Pafomu panalibe funso limenelo."

Pempho anapukusa mutu. Anthu ophunzira ankamutopetsa ndi chinthu chimodzi chimenechi: nyumba ikhoza kumapsa, iwo n'kumati pafomu palibe mzere wa moto. Anatulutsa foni yake n'kuiika patebulo.

"Ikanimo AI yanuyo."

Sizinatenge mphindi zitatu. Pempho anakweza foniyo kukamwa, akudziona ngati chitsiru, n'kunena mawu amene a Nachisale anamva. Foni inakhala chete pang'ono, kenako mawu a mkazi waulemu anadzaza chipinda.

"Ndapeza imodzi. Sienta yoyera, DZ 4172, mwini wake Onani Dzoole. Ilipo. Yaima makilomita anayi kum'mawa kwa Sharpevale."

Yunisi anagwira pakamwa. Pempho anaimbira anzake a mbali imeneyo, anawawerengera malowo monga anaonekera pa mapu, n'kuwauza kuti apite ndi mfuti. Atadula foni anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Galimoto tiipeza. Koma gulu lija silimva za mapu. Mukaime kumanda, mukanene kuti Mussa alibe mlandu."

"Sindingathe." Yunisi anagwada pasimenti, anagwira nsapato za Pempho. "Andifunsa kuti ndadziwa bwanji. Amayi atsala ndi ine ndekha. Akamva kuti ndine, tiika maliro awiri. Chonde, a Sajeni, kawauzeni kuti ndi kampani. Dzina langa lisatuluke."

Pempho anali mayi wa ana awiri, ndipo chisoni chinamugwira ndithu. "Chabwino," anatero. "Ndinena za kampani. Inu sindikutchulani. Dzukani, kasambeni kumaso."

Yunisi anatuluka ndi kapu ya madzi. Laputopu inatsala yotsegula, ndipo Pempho, amene sankatha kusiya kabati yosatsegula m'nyumba ya munthu, anadina pa makalata otumizidwa. Yapamwamba inali yopita kwa bwana wa ku Lilongwe. Inali ndi mzere umodzi: Chonde chotsani chitsanzo chija msanga, chadzetsa ngozi. Yankho panalibe.

Anayang'ana tsiku. Lachitatu. Anayang'ana nthawi. Mphindi makumi awiri isanakwane 7 koloko m'mawa. Mawu aja onena Mussa anatuluka pa siwa 8 koloko.

Anajambula kalatayo ndi foni yake, n'kubwezera laputopu mmene inalili. Chisoni chija chinali chitauma. Akulu anati chala sichiloza mwini, koma chala ichi chinali chitadziwa mwini wake ola lathunthu chisanaloze wina.

*

Kumanda kunali anthu oposa mazana atatu. Bokosi linali litatsikira kale, adzukulu atatsamira makasu awo kudikira kuti zolankhula zithe. Pempho anaona zimene maso a wapolisi amaona: njinga zamoto zoimikidwa moyang'ana kumsewu, zigubu ziwiri za petulo pansi pa mtengo wa msangu, ndi amuna amene manja awo anali kumbuyo. A Kachigamba a lole aja anaima kutsogolo, chifuwa chili patali.

Amalume ake a malemu, a Victor, atatha kuthokoza mpingo ndi onse obwera, Pempho anapempha mpata. Anthu anang'ung'udza, koma katekisiti anakweza dzanja.

"Mussa Twaibu sanaphe Onani," anatero Pempho. "Omupha ndi amuna awiri a pa njinga yamoto, ndipo anawalondolera ndi foni. Kampani ya thiraka inasiya khomo lotsegula. Mverani nokha."

Anakweza foni m'mwamba n'kuifunsa. Mawu aulemu aja anamveka pamwamba pa dzenje losakwiriralo: "Sienta yoyera, DZ 4172, mwini wake Onani Dzoole. Ilipo."

Edna anakuwa n'kugwa m'manja mwa azimayi. Anthu ena anabwerera m'mbuyo, ena anachita chizindikiro cha mtanda. Koma a Kachigamba anaseka mokweza.

"Masewera a polisi awa! Mwajambula mawu kuti mupulumutse munthu wanu. Magalimoto onse a m'Malawi muno, foni ikasankhe ya Onani? Wakupatsani zingati makanika uja?"

"Zoona!" wina anakuwa kumbuyo. "Kwirirani tizipita!"

Makasu anayamba kuyenda. Munthu wina ananyamula chigubu chimodzi. Pempho anayang'ana Yunisi, kumupatsa mpata womaliza. Mtsikanayo anali atakumbatira mayi ake, nkhope ataibisa paphewa pawo, ndipo sanadzutse mutu.

Amene analankhula anali mayiwo. Anali mayi wokalamba, woonda, ndipo mawu awo anali atasasa ndi kulira. "Bwana, ine sukulu sindinapite. Ndingofunsa chimodzi. Nambala ya mwana wangayo, m'fonimo inalowamo yokha?"

Pempho anaganiza za lonjezo lake la ola lapitalo. Anaganizanso za manja okulungidwa aja, ndi Maliya ali pakhonde. Anasankha, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti akupereka munthu wina kwa anthu omwe anali kale ndi miyala m'manja.

"Sinalowe yokha, mayi. Anailemba ndi mwana wanu Yunisi, pa ntchito yake, masabata atatu apitawo. Sankadziwa kuti idzapha munthu." Anatsegula chithunzi chija. "Koma Lachitatu m'mawa anali atadziwa. Iyi ndi kalata yake yopempha kampani kuti ichotse nambalayo. Anaitumiza 7 koloko isanakwane. Pofika 8 koloko anali pa siwa akutchula Mussa."

A Victor analanda foniyo, anawerenga milomo ikugwedera, n'kuipereka kwa katekisiti. Katekisiti anawerenga mokweza, tsiku ndi nthawi yomwe, n'kubwezera Pempho foniyo.

Mayi aja anachotsa manja a Yunisi paphewa pawo, chala chimodzichimodzi, ngati akuchotsa chisoso pa chitenje.

"Yunisi. N'zoona?"

"Amayi, ndinkaopa..."

"Ndinkati ndatsala ndi mwana mmodzi," anatero mayiwo, osakweza mawu. "Adzukulu, kwirirani. Ndaika onse awiri."

Mwala woyamba unachokera kwa a Kachigamba. Munthu amene wamenya wosalakwa amafuna msanga wina woti amusenzetse manyazi ake, ndipo apa panali amuna makumi atatu otero. Mwalawo unamupeza Yunisi pamwamba pa diso. Pempho anamugwira pamkono, anamukokera kumbuyo kwake, n'kuthamanga naye kudutsa pakati pa mitanda, dalaivala atayatsa kale galimoto. Miyala inagunda mabati a galimotoyo mpaka anafika pa tala. Zigubu za petulo zija zinatsala pansi pa msangu. Nyumba ya Mussa anali ataiiwala.

*

Anadutsa magolosale a pa Mtakataka osaima. Yunisi anakhala pakati, magazi akutsikira pa duku lakuda, osalira.

"Munalonjeza," anatero.

"Ndinalonjeza."

"Ndipita kuti tsopano?"

Pempho sanafune kunama kawiri tsiku limodzi. Foni yake inalira. Anali anzake a ku Sharpevale: galimoto aipeza kuseri kwa nyumba ina, itafunditsidwa lona, ndipo mwamuna mmodzi wamtali amugwira akuchotsa nambala. Wachiwiri wathawira m'chimanga koma njinga yake yofiira yatsala.

Mtima wa Pempho unatsika pang'ono. Wathyola lonjezo, inde, wagwetsa mtsikana pamaso pa mayi ake, koma munthu wosalakwa agona mwamtendere. Anaimbira wapolisi wa pakhomo la wodi kuti akauze Mussa ndi mkazi wake.

Wapolisiyo anachedwa kuyankha. Kumbuyo kwake kunkamveka mawu a mzimayi mmodzi akulira motsitsa.

"Bwana, ndimati ndikuimbireni mwambo ukatha. Madokotala ayesetsa, koma akuti magazi ankatayikira mkati. Watisiya 1 koloko."

1 koloko. Nthawi imeneyo bokosi la Onani linali lisanatuluke n'komwe m'nyumba. Pempho anatsitsa foni n'kuiika pamwendo. Anadzida.

"Apulumuka?" Yunisi anafunsa. "A Sajeni, a Mussa apulumuka eti? Ndikawapepese. Ndikagwada pamaso pawo, anditukwane mmene angathere."

"Tikupita komweko," Pempho anatero. "Akakusokeni pachipumipo. Akazi awo mukawapeza pakhonde."

Yunisi anamuyang'ana, anamvetsa, ndipo kukhosi kwake kunatuluka kamawu kochepa ngati ka mbuzi yomangidwa.

Apo m'chikwama munayamba kulira foni ina, nyimbo ya kwaya imene Onani ankaikonda. Pempho anatulutsa kapulasitiki kaja. Nambala inali yachilendo. Anadina osaitulutsa m'pulasitikimo, n'kuika mokweza.

"Halo? Ndikulankhula ndi a Dzoole?" Anali bambo wansangala, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la msika. "Ndili ku Kasungu kuno. Foni yangayi yandiuza kuti muli ndi Sienta yoyera. Ikadalipo?"

Pempho anatembenuza dzanja la Yunisi, n'kumuika foniyo m'chikhatho.

"Ayankheni," anatero. "Malikisi munapereka ndinu."